Ndalama za pamasika zimathera kuti?

Mwezi wa Juni ukafika, pa Mponela anthu sagona msanga. Malole odzaza mabelo a fodya amadutsa usana ndi usiku mumsewu wa M1 kulowera ku Kanengo, mavenda amakhala atapachika masikelo m'mbali mwa msewu wopita ku Ntchisi kudikira soya ndi mtedza, ndipo m'masitolo malata, njinga ndi mafoni sizichedwa kutha. Kumalo omwera mowa nyimbo zimayamba dzuwa lisanapendeke. Ku Madisi, ku Malomo ndi pa boma la Ntchisi nkhani ndi yomweyo: ndalama yalowa m'mudzi.

Koma munthu akabwerera pamalo omwewa mu Febuluwale amapeza zina. Njinga imene inagulidwa mu Juni ili pa chikole kwa wa katapila. Mayi wa pakhomo wadzukira kukagwira ganyu m'munda mwa ena kuti apeze kambale ka chimanga, pamene munda wake ukuitana feteleza wobereketsa. Mwana wa ku sekondale wabwezedwa chifukwa cha fizi ya teremu yachiwiri.

Ambiri mwa mabanjawa ndi opemphera. Lamulungu amadzaza matchalitchi a CCAP, Katolika, Anglican ndi mipingo ina yambirimbiri ya m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi. Nanga chikhulupiriro chawocho chikunenapo chiyani pa ndalama imene imabwera kamodzi pachaka koma n'kumayembekezeka kudyetsa banja miyezi 12?

Chiphunzitso si chachilendo

Dowa ndi limodzi mwa maboma amene Chikhristu chinafika msanga m'chigawo chapakati. M'chaka cha 1889 amishoni a mpingo wa Dutch Reformed ochokera ku South Africa, Andrew Charles Murray ndi Theunis Vlok, anatsegula mishoni ya Mvera m'dera la mfumu Chiwere. Mu 1894 Robert Blake anatsegula ina ku Kongwe. Mamishoni amenewa, omwe ndi mizu ya sinodi ya Nkhoma, ankadziwika ndi kuphunzitsa ulimi ndi ntchito zamanja pamodzi ndi Mawu a Mulungu. Buku Lopatulika, limene ntchito yolimasulira anaitsogolera William Murray, linatuluka mu 1922, ndipo mabanja a kuno akhala akuliwerenga kwa zaka zoposa 100.

M'bukumo nkhani ya ndalama siibisika. Pa Genesis 41 Yosefe akulangiza Farao kuti m'zaka zisanu ndi ziwiri za dzinthu dzambiri azipatula gawo limodzi mwa magawo asanu a zokolola, kuti dziko lidzapulumuke m'zaka zisanu ndi ziwiri za njala. Pa Miyambo 6 waulesi akutumizidwa kukaphunzira kwa nyerere, imene imatuta chakudya nthawi ya masika popanda kapitawo woiyang'anira. Pa Luka 14 Yesu akufunsa za munthu wofuna kumanga nsanja, ngati sayamba wakhala pansi kuwerengera mtengo wake kuopa kusekedwa atalekeza pa maziko. Aliyense amene anaonapo nyumba za njerwa zoimira pa mawindo, udzu utamera m'kati, akudziwa kuti fanizoli silinakalambe.

Mtumwi Paulo, polembera Agalatiya, anaika kudziletsa pamndandanda wa zipatso za Mzimu, pamodzi ndi chikondi, chimwemwe ndi mtendere. Kawirikawiri mawuwa akamalalikidwa anthu amaganiza za mowa ndi chiwerewere basi. Koma kudziletsa kumayesedwanso tsiku limene mlimi watuluka mu banki ndi ndalama ya chaka chonse m'thumba, ali yekha, pa tauni pamene chilichonse chikumukodola.

Mmene ndalama imathawira

Vuto loyamba ndi la kalendala. Msika wa fodya umatsegulidwa cha mu Epulo, ndipo soya, mtedza ndi chimanga zimagulitsidwa kwambiri kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Koma zofunika zazikulu zimabwera mochedwa: fizi mu Sepitembala ndi Januwale, mbewu ndi feteleza mu Novembala ndi Disembala, chakudya chogula mu Januwale ndi Febuluwale. Pakati pa tsiku lolandira ndi tsiku logula feteleza pamadutsa miyezi inayi kapena isanu, ndipo m'miyezi imeneyi ndi mmene mumachitika zinkhoswe, maukwati, ziliza ndi maulendo. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Vuto lachiwiri ndi kugulitsa motchipa n'kudzagula modula. Pokolola chimanga chimakhala mbwee pamsika ndipo mtengo umatsika. Banja limene lagulitsa matumba ambiri mu Meyi kuti lipeze ndalama ya msanga limadzagula chimanga chomwecho mu Febuluwale pa mtengo wokwera, nthawi zina kwa venda yemwe uja anagula kwa iwo.

Vuto lachitatu ndi katapila. Mwachitsanzo, munthu wobwereka K50,000 pa chiwongoladzanja cha theka amayenera kubweza K75,000 pakutha pa mwezi. Akalephera, chiwongoladzanja chimaberekanso china. Ena amabwereka ndalama mu Januwale polonjeza kudzabweza matumba a soya kapena chimanga pokolola, motero mbewu imakhala yagulitsidwa kale isanache. Buku la Miyambo, pa mutu 22, limayerekeza wobwereka ndi kapolo wa womubwereka, ndipo mlimi amene amakolola kuti akapereke kwa wina amamvetsa tanthauzo lake popanda womumasulira.

Pa mavuto akalewa pawonjezeka atsopano. Kuchokera pamene Airtel Money inayamba mu 2012 ndi TNM Mpamba mu 2013, kutumiza ndi kusunga ndalama kunaphweka, zomwe zathandiza anthu ambiri akumidzi amene banki ili nawo kutali. Koma foni yomweyo yafupikitsanso njira yopita ku juga ya kubetcha pa mpira ndi ku ngongole za msangamsanga. Ndalama imene kale inkafuna kuti munthu akwere njinga kukaitaya, lero imatha ali gone pamphasa.

Zimene anapeza pa alimi a fodya

M'chaka cha 2009 akatswiri anayi a zachuma, Lasse Brune, Xavier Giné, Jessica Goldberg ndi Dean Yang, anachita kafukufuku pa alimi a fodya 3,150 a m'makalabu 299 m'chigawo chapakati. Anagwira ntchitoyi ndi banki ya Opportunity International Bank of Malawi, imene inayamba mu 2003 pansi pa bungwe la Chikhristu lothandiza osauka, ndipo mu 2017 inagulidwa ndi First Merchant Bank.

Mwachizolowezi, ndalama za fodya zinkalowa mu akaunti ya kalabu ndipo alimi ankagawana pamanja. Pa kafukufukuyu makalabu ena anapitiriza chomwecho. Ena anapatsidwa mwayi woti ndalama ya mlimi aliyense izilowa mwachindunji mu akaunti yakeyake. Enanso anawonjezeredwa akaunti yotsekera, momwe mlimi ankasankha yekha kuchuluka kwa ndalama ndi tsiku lodzaitsegula, ndipo tsikulo lisanafike sakanatha kutapamo ngakhale atadandaula bwanji. Ambiri ankasankha masiku oyandikira nthawi yobzala.

Zotsatira zake, zimene zinasindikizidwa mu 2016, zinaonetsa kuti alimi amene anapatsidwa mwayi wosunga ku banki analima malo okulirapo, anagwiritsa ntchito zipangizo zaulimi zochuluka ndipo anakolola zambiri chaka chotsatira kuposa anzawo olandira pamanja. Mabanja awo anathanso kugula zofunika zambiri pakhomo atakolola.

Koma panali chodabwitsa. Ndalama zimene zinatsekeredwadi zinali zochepa, ndipo alimi ambiri anatapa ndalama zawo pasanapite nthawi yaitali zitalowa. Ngakhale zinali choncho, kusiyana kunaoneka m'munda. Phunziro limene banja lingatolepo n'lakuti kanthu kakang'ono koima pakati pa munthu ndi ndalama yake, kaya ndi ulendo wa ku banki kapena tsiku limene anadziikira yekha, kamamupatsa mpata woganiza. Kudziletsa kumafuna mpanda, monga dimba limafunira mpanda ngakhale mwini wake ndi wakhama.

Amayi ndi bokosi la maloko atatu

Dowa inaonanso phunziro lina. Mvula itavuta kumpoto kwa bomali, bungwe la Concern Worldwide linagawa ndalama m'malo mwa chimanga kwa mabanja oposa 10,000 a m'dera la mfumu Chakhaza kuyambira Disembala 2006 mpaka Epulo 2007. Ndalamazo zinkabwera pa galimoto ya banki yoyendayenda, anthu ankalandira ndi makadi komanso chidindo cha chala, ndipo kuchuluka kwake kunkatengera kukula kwa banja ndi mtengo wa chimanga mwezi umenewo. Olandira ambiri anali amayi. Owunika ntchitoyi anapeza kuti gawo lalikulu la ndalamazo linagula chakudya, ndipo zotsala zinathandiza pa zinthu monga chipatala ndi sukulu. Maganizo akuti wosauka akagwira ndalama amangoimwaza sanaoneke kukhala oona.

Amayi omwewa ndi amene lero ali msana wa banki m'khonde. Njirayi inayambitsidwa ndi bungwe la CARE m'dziko la Niger mu 1991, ndipo inafalikira m'maiko ambiri a mu Africa, kuphatikizapo Malawi, kudzera m'mabungwe ndi m'mipingo. Anthu 15 mpaka 25 odziwana amakumana sabata iliyonse, aliyense n'kugula masheya kuyambira imodzi mpaka zisanu. Ndalama zimasungidwa m'bokosi la maloko atatu, makiyi ali ndi anthu atatu osiyana, bokosilo lili kwa munthu wachinayi. Membala amatha kubwereka mpaka katatu ka zimene wasunga, n'kubweza ndi chiwongoladzanja chimene gulu linagwirizana. Pamakhalanso kathumba kapadera ka matenda ndi maliro. Pakatha miyezi 9 mpaka 12 amagawana zonse molingana ndi masheya a munthu.

Ku Karonga, nthambi ya chitukuko ya sinodi ya Livingstonia inakhazikitsa magulu otere m'kafukufuku amene anakhudza midzi 46 pakati pa 2009 ndi 2011. Midzi imene inayamba msanga banki m'khonde inapezeka kuti mabanja ake akudya kangapo patsiku kuposa anzawo, akuika ndalama zambiri pa ulimi ndipo nyumba zawo zikukula. Nawonso ma SACCO, amene mgwirizano wawo wa MUSCCO unakhazikitsidwa mu 1980, anayamba m'dziko muno m'zaka za m'ma 1970 molimbikitsidwa ndi mpingo wa Katolika. Mpingo ndi kusunga ndalama zakhala zikuyendera limodzi kuyambira kale.

Mphamvu ya bokosi lija ndi yakuti munthu sadziletsa yekha. Anzake a ku Chigwirizano kapena a kumphakati amamuona akalephera kugula sheya, ndipo sangatsegule bokosi usiku chilakolako chikamugwira. Mutu umodzi susenza denga.

Komabe banki m'khonde ili ndi mbuna zake. Pali amayi amene amalowa magulu atatu kapena anayi, n'kumabwereka uku kuti akabweze uko, mpaka tsiku limene gulu limabwera kudzanyamula ziwiya ndi mbuzi. Pali ena amene amabwereka m'dzina lawo koma ndalamayo n'kupatsa bambo amene sadzaonekanso pa tsiku lobweza. Ngongole yogulira katundu wa bizinesi imabweza yokha. Ngongole yogulira chitenje cha pa chinkhoswe imabwezedwa ndi chimanga cha ana. Gulu lanzeru limafunsa cholinga cha ngongole lisanatsegule bokosi, ndipo limaika tsiku logawana pafupi ndi nthawi yogula feteleza, osati pafupi ndi Khirisimasi pokha.

Kusunga pamene kwacha ikugwa

Wina angafunse kuti kusunga kuli ndi phindu lanji pamene ndalama ikutha mphamvu. Funsoli ndi lomveka. Kwacha inagwetsedwa mu Meyi 2012, inagwetsedwanso ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. M'chaka cha 2024 mitengo ya zinthu inakwera ndi 30 peresenti ndi kupitirira. Pa kakweredwe kotere, K100,000 yosungidwa pansi pa matiresi kwa chaka imadzagula zimene K77,000 inkagula poyamba.

Feteleza ndiye chitsanzo chowawa. Pulogalamu ya boma ya zipangizo zotsika mtengo ya AIP itayamba mu 2020, mlimi wopindula ankapereka K4,495 pa thumba. Pofika mu 2022 ankapereka K15,000. Amene dzina lake silinatuluke ankagula pa mtengo wa m'sitolo, umene pofika mu 2025 unali utadutsa K100,000. Banja lodikira makuponi lili ngati mlenje wowerengera nyama imene ikadali m'tchire. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

N'chifukwa chake alimi ochenjera sasunga ndalama yokha. Amagula feteleza ndi mbewu mwezi womwewo agulitsa fodya kapena soya, n'kuziika pamalo ouma pamwamba pa mitengo kapena njerwa. Amayamba apatula chimanga chokwanira banja mpaka kukolola kwina, kuchithira mankhwala a anankafumbwe kapena kuchiika m'matumba osalowa mpweya, asanaganize zogulitsa. Amalipiriratu fizi ngati sukulu ikulola. Amagula mbuzi kapena nkhumba, zimene zimaswana ndipo mtengo wake umakwera limodzi ndi mitengo ya zinthu zina. Yosefe sanasunge ndalama za Farao, anasunga tirigu.

Dziko lino linaphunzira zimenezi movutika. Njala ya 2002, imene mtsogoleri wa nthawiyo Bakili Muluzi anailengeza kuti ndi ngozi mu Febuluwale chaka chimenecho, inafika chimanga cha m'nkhokwe za boma chitagulitsidwa. Mu Malichi 2024, ng'amba itawononga mbewu, Lazarus Chakwera amene anali mtsogoleri panthawiyo analengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28. Zaka zoonda sizinathere ku Ejipito, ndipo chakudza sichiimba ng'oma.

Kudziletsa si kuumira

Pali chenjezo lina limene Mkhristu sangalilumphe. Baibulo lomwe limayamika nyerere limadzudzulanso mwini chuma wa pa Luka 12, amene anapasula nkhokwe zake kuti amange zazikulu, n'kumadziuza kuti adye ndi kusangalala, osadziwa kuti moyo wake ukutha usiku womwewo. Cholakwa chake sichinali nkhokwe, koma kuti m'maganizo ake munalibe Mulungu kapena mnansi.

Pa chikhalidwe cha kuno, munthu sakhala yekha. Maliro akagwa amasonkha, mwana wa mchemwali akadwala malume sangakhale chete. Vuto limabwera pamene thandizo lilibe malire ndipo aliyense womva kuti fodya wagulitsidwa amafika pakhomo ndi pempho lake. Mabanja ena apeza njira yopatuliratu gawo la chopereka cha ku tchalitchi ndi gawo lothandizira abale pa tsiku lomwe akupatula za feteleza ndi fizi. Gawolo likatha, amatha kukana mwaulemu popanda kunama kuti alibe kanthu.

Paulo, m'kalata yachiwiri kwa Akorinto, anati chopereka chizichokera pa zimene munthu watsimikiza mumtima, osati mokakamizidwa, ndipo polembera Timoteo anadzudzula kwambiri wokhulupirira amene sasamala a pabanja pake. Choncho kubwereka katapila kuti dzina limveke pa tsiku la zopereka za masika kapena pa pepa sande si chikhulupiriro. Chimodzimodzi kupereka ndalama ya feteleza kwa mlaliki wolonjeza kuti ibwerera itachulukitsidwa kakhumi. Mbewu imene imabereka makumi atatu kapena makumi asanu ndi limodzi m'munda wa ku Ntchisi ndi imene yabzalidwa ndi mvula yoyamba, yapaliridwa ndi kuthiridwa feteleza pa nthawi yake.

Kukhala pansi mabelo asananyamuke

Pa ntchito ya fodya banja lonse limakhetsa thukuta. Mayi ndi ana amathirira nazale, amathyola, amasoka ndi kusankha masamba. Koma nthawi zambiri dzina limene lili pa kalabu ndi pa akaunti ndi la bambo, ndipo pepala la malonda limathera m'thumba la jekete. M'mabanja ambiri mkangano umayambira pomwepa, ndipo ankhoswe ndi akulu a mpingo amatanganidwa kwambiri m'miyezi ya ndalama kuposa m'miyezi ya njala.

Njira yake si yodula. Imafuna kope la sukulu, cholembera ndi madzulo amodzi mu Epulo kapena Meyi, mabelo asananyamuke ndi soya asanapite pa sikelo. Bambo ndi mayi alembe ngongole zimene ali nazo, matumba a chimanga ofunika mpaka Epulo wotsatira, feteleza ndi mbewu, fizi ya materemu atatu, kandalama ka matenda ndi maliro, chopereka ndi thandizo la abale. Zimene zatsala ndi zimene angakambirane za malata, njinga, zovala ndi kankhuku ka chisangalalo, chifukwa wogwira ntchito ayeneranso kukondwera ndi thukuta lake. Ndalama ikafika, pepala la malonda liikidwe pamphasa kuti onse alione, ndipo ana okulirapo akhalepo kuti aphunzire.

Kope lotere silisintha mtengo wa fodya ku Kanengo kapena ku Chinkhoma, silibweretsa mvula ndipo silitsitsa feteleza. Pali mabanja amene amakolola zochepa kwambiri moti ngakhale atadziletsa bwanji sizingafike Febuluwale, ndipo amenewa akufunika thandizo la mpingo ndi boma, osati chidzudzulo. Koma kwa banja limene limagwira ndalama yooneka kamodzi pachaka, zimene lalemba mu Meyi ndi zimene zimanena ngati mayi adzapalira munda wake kapena wa ena mu Januwale, komanso ngati mwana adzakhala m'kalasi teremu yachiwiri ikadzatsegulidwa.